Kolona ya pa Memori Khadi

Sonkhezani chitsacho, kunja kuno kwazizira. Ndipo inu achinyamata amene mwaweramira mafoni ngati nkhuku za chitopa, tadzutsani mitu pang'ono. Mwandifunsa nokha chimene ndakalipira a tcheya masana aja pamaso pa anamfedwa. Ndamva ena mukunong'onezana kuti a Mbewe akalamba, mutu wayamba kuwazungulira. Chabwino. Ndikuuzani, mukamva muweruze nokha.

Ambiri mwa inu akazi anga mudawadziwa. Emerensiana, aNanyoni, mayi a Gaude. Pa mphakati wathu uno wa Kizito Woyera, maliro akagwa panalibe wofunsa kuti atsogolere kolona ndani. ANanyoni ankangomanga duku, kufunda chitenje chawo cha Lejio, kolona m'manja, ulendo. Mvula igwe, kachewere aziola kudimba, iwo ali ku siwa. Mawu awo sadali okoma ayi, ndisanamize Mulungu, adali okhuthala ngati a mwamuna, koma ankatuluka m'nyumba mpaka kufika kumoto kuno kwa ife abambo. Ndipo wina akayamba kusinza pakati pa pemphero, iwo ankaima, n'kukonza kukhosi kawiri, hm-hm, n'kudikira. Sankapitiriza mpaka wogonayo adzuke ayankhe. Ankanena kuti kolona siyomvera ngati wailesi, ndi yoyankhana: wina ayambe Tikuoneni Maria, ena amalize.

Mavuto adabwera m'katoni. Mwana wa a tcheya athu, a Egidio Chimwaza omwewa, adatumiza sipika kuchokera ku Joni. Yakuda, yaikulu ngati chigubu cha mafuta, ya timagetsi tobiriwira tothwanima. A Chimwaza adabwera nayo ku msonkhano wa mphakati ataifungatira ngati khanda lobwera ku ubatizo.

"Akhristu anzanga, dziko lapita patsogolo," adatero. "Mayi athuwa aNanyoni akutopa, chifuwa chikuwavuta. Tiyeni tiwajambule kamodzi kokha, mawu awo tiike pa memori khadi. Tsiku limene adwala, sipika iziwathandiza."

Ine ndidaimirira. "A tcheya, kodi chigubu chimenechi chidabatizidwa liti?"

Anthu adaseka, ndipo nkhani idathera m'kuseka momwemo, monga zithera nkhani zonse zofunika pa mphakati uno.

Adawajambula Lamulungu lina masana, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. ANanyoni akutsogolera, amayi a Lejio akuyankha. Atafika kumapeto, pamene timapempherera womwalira, akazi anga adaima n'kufunsa kuti nanga dzina atchule la ndani, poti lero palibe amene wafa.

"Siyani mpata," adayankha a Chimwaza. "Mungoti tipempherere mzimu wa, kenako mukhale chete pang'ono. Amene ali pamalirowo azitchula okha dzinalo."

Adasiyadi mpata. Muusunge mpata umenewo, tiupeza kutsogoloku.

Poyamba sipika idali ya tsiku lodwala. Kenako idakhala ya tsiku la mvula. Chaka chisanathe idali ya maliro onse. A mphakati wa Tereza adapempha kuti awatumizireko pa foni, a kwa Chimphandu nawonso, mpaka mawu a akazi anga adafika kumidzi imene iwo eni sadapondeko. Tsiku lina adabwera kuchokera ku maliro, n'kukhala pa khonde osavula ngakhale duku.

"Bambo a Gaude, lero ndadzimvera ndekha ndikupemphera. Ine ndili phee pa mkeka ngati mlendo, anzanga akuliza mkonono."

"Bwanji simudaizimitse?"

"Akuti ikupemphera bwino kuposa ine. Siitsokomola."

Adaseka ponena zimenezi, koma usiku umenewo sadadye.

Chifuwa chija chidawatenga nyengo yozizira itangotha. Tsiku limene adatisiya, ine ndi alongo awo tidapita ku boma kukagula bokosi. Pobwerera galimoto idatifera panjira, tidagona patchire tikulondera bokosi, n'kudzafika kuno kukucha. Chinthu choyamba chimene ndidafunsa a Chimwaza chidali chakuti kolona yayenda bwanji.

"Yayenda bwino zedi, usiku wonse osalekeza," adatero. Mtima wanga udakhala pansi. Tidawaika m'manda, kolona yawo itakulungidwa m'zala.

Mwana wanga Gaudensia, uja amagulitsa m'sitolo ku Lilongwe, adatsalira kuno kuti andisamale. Mlongo wake Selestino ali ku Joni ndipo ku maliro sadabwere, mapepala ake ndi ovuta. Ndiye Gaude ankamujambulira zonse pa foni kuti nayenso aone. Madzulo ena adandionetsa vidiyo ya usiku wa siwa, akuganiza kuti zinditonthoza.

Ndidaona chipinda chathu. Thupi la akazi anga lili pa mphasa, kandulo kumutu. Amayi agona mbali zonse atafunda zitenje mpaka kumutu, ochepa amene ali maso nkhope zawo zikuwala ndi mafoni. Pa mpando, pafupi ndi kandulo, sipika ikuthwanima. ANanyoni akudzipempherera okha pa maliro awo. Munthu amene adakhala zaka zonse zija akugona pa simenti ya eni, kupempherera akufa a eni. Ndidamvera mpaka kumapeto. Mawu adati tipempherere mzimu wa, kenako zii. Mpata uja udatseguka, udadikira, udatsekeka. Palibe adatchula dzina. Khadi idabwerera poyambira, mpata udabweranso, udapitanso wopanda kanthu.

"Iwe unali pomwepo," ndidatero kwa Gaude.

"Ndinkalira, ababa. Dzanja lina foni, sindidamve n'komwe."

Sindidamukalipire. Ndidatuluka panja, ndidakaima m'munda wa kachewere mpaka mkwiyo utandichoka m'manja.

Zachilendo zidayamba mu Okutobala, mwezi wa kolona. Woyamba kudandaula adali mayi Chimwaza. Adauza anzawo kumjigo kuti sipika ikumadziyatsa yokha m'kabati kunja kukamachita chisisira, batire litatheratu. Amuna awo adati ndi mawaya akhudzana. Mawaya. Chilichonse kwa a Chimwaza chili ndi dzina lachizungu lochikhazika pansi.

Kenako kudagwa maliro a nkhalamba ina kwa Chimphandu. Ndidapita, ndidakhala kumoto monga takhalira panomu. M'nyumba adayatsa sipika. Kumva mawu a akazi ako ali m'manda si chinthu chopepuka, koma ndidaluma mano. ANanyoni adayamba Tikuoneni Maria, adafika pakati, adaima. Ndidadikira mawu a amayi a Lejio aja adajambulidwa nawo limodzi. Sadabwere. Padangokhala chete wautali, wa muyeso wa yankho. ANanyoni adayambanso, adaimanso. Chete.

"Khadi yagwidwa vairasi," adatero a Chimwaza akutuluka m'nyumba. Adaitanitsa foni ya mayi wina wa kwa Chimphandu imene idali ndi kolona yomweyo. Adalumikiza. Chimodzimodzi: wotsogolera alipo, oyankha kulibe. Adayesa foni ina, chimodzimodzinso.

Ndiye mu chete ujamo, tonse tikumva, mudatuluka kaphokoso.

Hm-hm.

Abale anga, tsiku lojambula lija ine ndidalipo. Kudali masana, dzuwa lili phwee, palibe ndi mmodzi yemwe amene ankasinza. ANanyoni sadakonze kukhosi tsiku limenelo. Ndidayang'ana anzanga pamoto paja, onse maso ali pa phulusa. M'nyumba mayi wina adakuwa kuti zimitsani, ndipo adazimitsa, n'kuika nyimbo za kwaya. Palibe amene adaganiza zongotsegula pakamwa n'kuyankha. Ngakhale ine sindidayankhe, ndidangobwerera kwathu.

Kunyumba nako zinthu zidayamba kusuntha. Mkeka wa akazi anga, umene ankapita nawo ku maliro, tidaupinda n'kuuimika pakona. M'mawa tinkaupeza woyala, uli ndi fumbi lofiira la mumsewu. Ndidafunsa Gaude, adakana. Tidaupindanso, m'mawa woyalanso. Ine ndili ndi chizolowezi chosiya beseni la madzi pakhomo usiku kuti ndisukusule ndikadzuka. Madziwo ndidayamba kuwapeza ali matope, ndipo pansi pali ponyowa, monga pamakhalira munthu akasambitsa mapazi atachoka ulendo wautali. Galu wathu, amene amauwa ngakhale tsamba, adasiya kugona pakhonde.

Tsiku lina ndili kudimba kudabwera Lufeyo wa kabaza, uja amaima pa mphambano ya bulugama. Lufeyo si wa mpingo wathu ndipo si munthu wa nkhani zambiri. Adatsamiritsa njinga, adavula chipewa, adayamba kuchipotokola m'manja.

"Madala, pepani, sindikufuna kukuputani. Koma ndikapanda kunena sindigona."

"Nena."

"Pa mphambano paja pakumaima mayi wina kukamada. Wafunda chitenje cha Akatolika mpaka kumaso. Amangofunsa kuti maliro ali kuti lero. Ndawanyamulapo kangapo. Akakwera, njinga imapepuka ngati palibe munthu, koma tayala lakumbuyo limaphwa mpaka limu kukhudza pansi. Panjira sayankhula, ndimangomva timikanda tikugundana kumsana kwangaku. Tikafika pamaliro, ndikacheuka, palibe."

"Nkhope udaiona?"

"Ayi. Ndidaona mapazi okha. Otupa, madala, ong'ambika zidendene, fumbi lokhalokha. Dzana ndidalimba mtima ndidati, mayi, bwanji osapumako? Adati, ndatopa mwana wanga, koma akundiitana. Kenako adandifunsa ngati ndimatha kuyankha. Ine sindidadziwe kuti kuyankha chiyani."

Anzake a kabaza nawo adali atawanyamula, wina mpaka kutsidya kwa mtsinje. Usiku wina kudali maliro awiri, kumpoto ndi kumwera kwa parishi, ndipo adaoneka konse kuwiri. Kulikonse kumene wina wadina batani, aNanyoni adzuke, amange duku, ayende.

Ndidasiya khasu pomwepo, ndidalunjika kwa a Chimwaza. Ndidawapeza akupukuta sipika ndi kansalu.

"A tcheya, fufutani mawu a akazi anga."

"A Mbewe, khalani pansi kaye. Ngakhale nditafufuta yangayi, nanga ili m'mafoni a parishi yonse? Ili pa gulu la Watsapu, ili ku Lilongwe, ili ku Joni. Madzi atayika amenewa. Komanso muziyamika, mayi aja atchuka. Ndi angati kuno amene akugwirabe ntchito ya Mulungu ali m'manda?"

Ndidawayang'ana bambo amenewa, munthu wa imvi, wolandira Ukaristia Lamulungu lililonse, ndipo ndidazindikira kuti sakunyoza. Akunena kuchokera pansi pa mtima. Chimenecho ndicho chidandipsetsa mtima koposa, chifukwa woipa umatha kulimbana naye, koma wopusa wa mtima wabwino umugwira pati?

M'mawa mwake ndidapalasa njinga kupita ku parishi. Bambo mfumu athu, Abambo Kamzati, ndidawapeza kuseri kwa nyumba akukonza njinga yawo yamoto, manja ali bii. Adandimvera osandidula, sipanala ili m'manja. Nditamaliza adaika sipanala pansi.

"A Mbewe, za m'sipikamo sindizidziwa. Sindikuuzani kuti ndi akazi anu, sindikuuzaninso kuti si iwo. Mpingo suthamangira zodabwitsa, ndipo inunso musazithamangire. Chimene ndikudziwa n'chakale: akufa athu timawapempherera ife amoyo, ndi pakamwa pathu. Sipika siipa. Ndimaigwiritsa ntchito pa Misa kuti akumbuyo amve. Koma sipika siinakondepo munthu, ndiye ingapemphe chiyani kwa Mulungu? Maliro a mayi aja mudawaika, koma simudawapempherere."

"Nanga nditani, Abambo?"

"Ndiwachitira Misa. Ndipo Lamulungu ndilengeza kuti mphakati wonse ukasonkhane kwanu, mukapemphere kolona yathunthu, pakamwa, popanda chigubucho."

Ndidabwerera mtima utapepukako. Sindidadziwe kuti nkhani idali itanditsogolera kale. Wina wake, mpaka lero sindimudziwa, adaitumiza ku wailesi, ku pologalamu ija ya nkhani zodabwitsa imene anthu amamvera akuseka. Loweruka madzulo ndili pakhonde ndidamva ndi makutu angawa. Adayamba ndi nkhumba imene idathamangitsa wakuba, kenako sipika ya mizimu ya ku Dedza, kenako bambo wina amene adakwatira apongozi ake. Akazi anga pakati pa nkhumba ndi wachigololo. Wowerengayo adayesezera ngakhale hm-hm uja, mnzake n'kufa nako kuseka.

Ndiye Lamulungu madzulo, m'malo mwa mphakati, pakhomo panga padabwera msika. Anthu a mipingo yonse ndi opanda mpingo omwe, ena pa njinga zamoto kuchokera ku boma. Mayi wina adayala mandasi pansi pa mtengo wanga wa pichesi. Abambo adali ataitanidwa kwa wodwala kutali, ndipo a Chimwaza adafika atanyamula sipika.

"Abambo adati popanda chimenecho," ndidatero.

"Ee, koma taonani anthuwa, a Mbewe. Achokera kutali. Abwerere osaona kanthu? Sitiyatsa ayi, tingoiika pa mpando."

Adaiika pa mpando pakati pa bwalo. Dzuwa lidalowa. Ndidati tiyambe, ndidachita chizindikiro cha mtanda, koma maso a anthu onse adali pa mpando. Mphepo imene inkaomba tsiku lonse idaleka. Nkhuku zanga zimene zidali zitakwera kale mu mtengo zidatsika, n'kuthawira kuseri kwa nyumba. Kenako, popanda dzanja la munthu, timagetsi tija tidathwanima.

Mawu adatuluka, koma sadali aja a pansi pa mango. Adali osasa, ophwa, opuma pakati pa liwu ndi liwu ngati munthu wokwera phiri atasenza thumba. Mafoni adakwera m'mwamba bwalo lonse, ngati anthu akulumbira. ANanyoni adafika pakati pa pemphero, adaima.

Ndidatsegula pakamwa. "Maria Oyera..."

"Shii, madala," adatero bambo wina wa jekete kumbuyo kwanga, munthu amene sindidamuonepo. "Mukuononga vidiyo."

Ndidacheuka kuyang'ana akhristu anzanga a Kizito Woyera. Amayi a Lejio, akwaya, a tcheya. Aliyense milomo yatsekedwa kuti mawu ake asalowe m'foni. Anthu odzaza bwalo, ndipo munthu mmodzi akupempha yankho la mpweya umodzi.

Hm-hm.

"Wamva? Wajambula?" Atsikana ena adagwirana manja akuseka mwamantha.

Zimene zidatsatira sindinyadira, komanso sindipepesa. Pakhonde padali mpini wa khasu. Sindidamenye munthu, ndidangouzunguza m'mwamba ndikukuwa, koma bwalo lidayera ngati kwagwa njuchi. Wa jekete adalumpha mpanda, wa mandasi adathawa lichero kumutu, a Chimwaza adataya sandasi imodzi imene ilipobe kwathu. Ndidatsala ndekha ndi mpando, ndikupuma ngati ng'ombe, misozi ikutsika. Mawu aja adali akudikirabe.

Ndidanyamula sipika, ndidalowa nayo m'nyumba. Idali yozizira ngati mwala wa mumtsinje. Ndidaiika pa mpando womwe uja idakhalapo usiku wa siwa, ndidayatsa kandulo, ndidayala mkeka wa akazi anga. Gaude adakhala kumbuyo kwanga pafupi ndi chitseko. Mawondo angawa ndi ovuta, koma ndidagwada.

"Mayi a Gaude," ndidatero, "yambani. Ndilipo."

Adayamba, ndipo ndidayankha. Adayambanso, ndidayankhanso. Khumi loyamba mawu awo ankanjenjemera, anganso chimodzimodzi. Tili mu khumi lachiwiri ndidamva mkeka ukulira pambali panga, monga umalirira munthu akamakhala pansi mosamala. Fungo la fumbi lidadzaza chipinda, pamodzi ndi la mafuta aja ankapaka pachifuwa. Lawi la kandulo lidapendekera mbali imodzi n'kukhala choncho. Sindidacheuke. Musandifunse chimene chidali pambali panga, sindidachione, ndipo sindidafune kuchiona. Ndinkangomva timikanda tikugundana, kamodzi pa pemphero lililonse, ndipo phewa langa lakumanzere lidazizira mpaka m'fupa.

Tikamapita kutsogolo mawu ankafewa. Kusasa kuja kunkachoka. Pofika khumi lomaliza adali mawu a mtsikana amene ndidamumva koyamba akutsogolera kolona pa maliro a malume anga, ine ndili mnyamata kumoto, n'kufunsa anzanga kuti kodi ameneyo ndi mwana wa kwa yani.

Kenako adati, tipempherere mzimu wa.

Mpata udatseguka. Pa khadi paja mpatawo udali waufupi, koma usiku umenewo sudatseke. Udangokhala. Ndidayesa, zidakanika, ndidayesanso.

"Emerensiana," ndidatero. "Emerensiana Nanyoni, mkazi wanga."

Pambali panga wina adatulutsa mpweya wautali, monga amachitira munthu akatula mtolo wa nkhuni. Ndidamva timikanda tikuikidwa pa thabwa la mpando, pang'onopang'ono. Timagetsi tidazima. Lawi la kandulo lidaongoka.

M'mawa madzi a m'beseni adali oyera. Mkeka udali pakona, wopindidwa mwa mapindidwe awo. Ndipo m'parishi yonse, aliyense amene adatsegula kolona ija pa foni kapena pa khadi adangomva phokoso la mphepo. Abambo adachita Misa ija, Lufeyo adati pa mphambano sipakuimanso munthu, galu adabwerera pakhonde. Ndidagona tulo tofa nato koyamba chimwalirire akazi anga. Ndidati zatha.

Chimene sindidadziwe n'chakuti Gaude, kumbuyo kwanga kuja, adali atagwira foni. Mwana wanga sindimuda. Ankafuna kuti mlongo wake ku Joni amve kuti amayi awo apumula. Adatumizira Selestino yekha. Selestino adalira, n'kutumizira gulu la anyamata akwathu amene ali kumeneko. M'gulumo muli mwana wa a Chimwaza. Sabata isanathe, zimene zidachoka m'chipinda changa zidazungulira ku Joni n'kubwerera kudzagogoda kwa a Chimwaza, nyumba yachitatu kuchokera kwathu.

Pa zimene Gaude adajambulazo mawu a akazi anga mulibe. Muli mpata, kenako ine ndikuyankha, mpata, ine ndikuyankha, makumi onse asanu. Ndidaganiza kuti chinthu chotere palibe angachifune. A Chimwaza adabwera kudzatenga sipika yawo nkhope ikuwala.

"A Mbewe, Mulungu satseka khomo osatsegula zenera lina. Iyi ndiye yabwino kuposa yoyamba ija. Abambo adati pazikhala munthu wamoyo wopemphera ndi pakamwa, si choncho? Ndiye mayi mmodzi azitsogolera, inu muziyankha m'sipikamu, enawa apumeko. Dzina la mayi aja kumapetoko anyamata okonza mafoni adula kale, pali mpata wabwinobwino."

Ndidawauza mawu amene ndidakaulula kwa Abambo Loweruka lotsatira. Abambo adaletsa pa guwa, kawiri konse. Anthu adagwedeza mitu m'tchalitchi, ndipo kumidzi akuyatsabe, chifukwa Abambo ndi mmodzi ndipo maliro ndi ambiri. Ili m'mafoni a parishi yonse. Ili ku Lilongwe. Madzi atayika.

Tsopano mverani chimene ndakalipira masana aja. Kuyambira mwezi watha ndikumadzuka m'mawa mawu atasasa, kukhosi kukuwawa ngati ndachezera kukuwa, pamene ndagona ndekha osalankhula ndi munthu. Miyendo imakhala yolemera. Ndimagona nditasamba, koma ndikumapeza fumbi lofiira kumapazi kwa bulangete. Ndidati ndi ukalamba. Lachinayi lapitali ndidakumana ndi Lufeyo pa chigayo. Atandiona adatsika pa njinga, adandiyang'ana kumapazi, osati kumaso.

"Madala, mudabwerako bwanji kutsidya kuja? Ndidakudikirani kuti ndikubwezeni, koma nditacheuka simudaoneke."

Ine kutsidya kwa mtsinje sindidapiteko chaka chino. Usiku umenewo kudali maliro kumeneko, ndidachita kumva m'mawa.

Akazi anga adayamba kuyenda atamwalira. Ine andiyambiza ndili moyo, ndipo sindidziwa kuti thupi la nkhalamba lingapirire maliro angati. Ndikadzagona pa mphasa paja, mudzaika chigubu kumutu kwanga, ndizidzadziyankha ndekha. ANanyoni adali ndi ine wowatchula dzina. Nanga ine? Gaude adzakhala akulira, dzanja lina foni.

Ndiye masana aja ndapempha a tcheya pamaso pa anamfedwa kuti usiku uno wokha, pa maliro a mnzathuyu, chigubucho chikhale m'katoni. Andilonjeza. Agwira pamtima.

Tangokhalani chete. Mwamva m'nyumbamo? Ndi mayi Chimwaza amenewo, ayamba Tikuoneni Maria. Dikirani afike pakati.

Ameneyo ndi ine. Ndili pano ndi inu, milomo yanga mukuiona, ndipo ndikuyankha m'nyumbamo. Tandipatsani madziwo, kukhosi kwayamba kuuma. Tilipo amuna angati pamoto pano? Tiyeni tidzuke, tikalowe, tikazimitse, tikayankhe tokha. Sizitenga nthawi, makumi asanu okha.

Palibe akudzuka.

Iwe wa chipewa chofiira, foniyo wailozetsa kwa ine chiyambire nkhani ino. Ukujambula?